Nkhalamba ikagwa pamphasa, amalipira ndani?

TSANGANO — Chaka chilichonse nyengo yokolola ikafika, ndalama zimayenda m'maboma a Tsangano ndi Macanga. Ku Furancungo ndi ku Chidzolomondo alimi amakhala akugulitsa fodya, pamene ku Tsangano ndi ku Ntengo-wa-Mbalame matumba a kachewere amakhala ali mbwee m'mbali mwa msewu kudikira malole. Ndalamazo zikafika pakhomo zimapeza ntchito zikudikira kale: malata, feteleza, njinga yamoto, ngongole ya chaka chatha, zovala za ana a sukulu. Pali ntchito imodzi imene kawirikawiri siikiridwa kanthu, ndiyo ya zaka zimene mlimi yemweyo adzakhale ali moyo koma osathanso kudzuka yekha pamphasa.

Maliro anthu a m'midzi amadziwa kuwakonzekera. Bokosi, ufa, nkhuni ndi adzukulu okumba manda zimapezeka tsiku lomwelo, ndipo mudzi wonse umasonkha popanda wina kuchita kukakamizidwa. Matenda a masiku ochepa nawonso ali ndi njira yake, pakuti wodwala amamukweza panjinga kupita naye ku chipatala, ndipo akachira amabwerera kumunda. Chovuta ndi chimene chili pakati pa ziwirizi. Agogo amene afa ziwalo mbali imodzi kaamba ka kuthamanga kwa magazi, kapena achita khungu, kapena athyoka m'chiuno, kapena ayamba kuiwala ngakhale maina a ana awo, akhoza kukhala ndi moyo zaka 3, zaka 5, mwina mpaka 10. Palibe chipatala chimene chingawagoneke nthawi yonseyo. Amabwerera kunyumba, ndipo kunyumbako pamafunika munthu.

Ntchito ya munthu ameneyo siigulitsidwa pamsika koma ndi yolemetsa. Amatunga madzi ndi kuwatenthetsa, amaphika phala ndi kudyetsa, amachapa zofunda zimene zaipitsidwa usiku, amanyamula wodwala kupita naye kuseri, ndipo amayenera kumutembenuza pafupipafupi kuti asatuluke zilonda kumsana ndi m'chiuno. Ku mapiri a Tsangano, kumene mu Juni ndi Julayi chisanu chimalowa m'mafupa, pamafunikanso nkhuni za usiku wonse ndi maso oyang'anira kuti bulangete lisagwire moto. Amene amachita zonsezi nthawi zambiri ndi mkazi, kaya mwana wamkazi, mpongozi, mng'ono wa wodwalayo kapena mdzukulu. Tsono pakhomo pamachoka makasu awiri nthawi imodzi, la wodwala ndi la womusamala. Munda ukachepa nkhokwe nayo imachepa, ndipo mtsikana amene adauzidwa kuti ayambe wakhala ndi agogo kwa mwezi umodzi wokha amadzapezeka kuti sukulu adaisiya osatsanzika. Mtengo wa ukalamba wa pamphasa ndi umenewo, ndipo pakali pano akuulipira ndi amayi ndi atsikana.

Seguro yake ndi yotani

Mau akuti seguro, amene pa wailesi za ku Malawi amati inshuwalansi, ambiri adawamva kwa apolisi a pamsewu pofunsa mapepala a galimoto. Tanthauzo lake ndi lapafupi. Anthu ambiri amasonkha pang'onopang'ono m'thumba limodzi, ndipo amene tsoka lamugwera amathandizidwa kuchokera m'thumbamo. Amene tsoka lamulambalala sabwezeredwa kanthu, koma wakhala akugona tulo zaka zonsezo. M'dziko lino ntchito imeneyi idali m'manja mwa makampani a atsamunda mpaka mu 1977, pamene Boma lidaphatikiza makampani atatu, Nauticus, Lusitana ndi Tranquilidade, nkupanga kampani imodzi ya EMOSE. Pambuyo pake makampani ena adaloledwa, ndipo m'mizinda munthu akhoza kugula seguro ya galimoto, ya nyumba, ya moyo kapena ya maliro.

Maiko ena adaona kuti kugwa pamphasa nalonso ndi tsoka loyenera thumba lakelake. Dziko la Germany lidakhazikitsa thumba lotere mwa lamulo mu 1995. Wantchito amadulidwa kachigawo ka malipiro ake mwezi uliwonse, ndipo bwana wake amaikaponso gawo lina. Munthu akafooka, a zaumoyo amabwera kudzamuyesa ngati akutha kudzuka, kusamba, kuvala, kudya ndi kukumbukira zinthu, ndipo kuyambira mu 2017 amamuika m'gulu limodzi mwa magulu 5 malinga ndi kukula kwa vuto lake. Kenaka iye ndi abale ake amasankha chimene akufuna: kutumiziridwa womusamala kunyumba, kukakhala ku nyumba yosungira okalamba, kapena kulandira ndalama m'manja ngati akusamalidwa ndi wachibale. Njira yachitatuyi ndi imene ingamveke bwino ku Macanga, chifukwa ikuvomereza kuti mwana wamkazi amene wasiya zake kuti asamale mayi ake akugwira ntchito yeniyeni.

Koma thumbalo ndi lodya ndalama. Poyamba ankadula 1 pa 100 iliyonse ya malipiro. Pofika mu 2025 adali kudula koposa 3 ndi theka, chifukwa okalamba achuluka, komabe seguroyo imangolipira gawo chabe la zofunika, lotsalalo banja limaonjezera. Ku Japan adayamba mu 2000, ndipo kumeneko aliyense wokwanitsa zaka 40 amayamba kusonkha. Iwo sapereka ndalama m'manja mwa abale, amatumiza anthu ogwira ntchitoyo, ndipo ambiri mwa othandizidwa amalipirako 10 pa 100.

Maiko awiriwa adatha kuchita zimenezi chifukwa anthu ambiri kumeneko ali ndi malipiro a pamwezi odziwika, oti Boma likhoza kudula munthu asanawagwire. Mlimi wa fodya amaona ndalama kamodzi pachaka, ndipo chaka cha matalala kapena cha mitengo yoipa saziona n'komwe. M'dziko la Mozambique mulibe lamulo la seguro yosamalira okalamba ngati la ku Germany kapena ku Japan. Zimene zilipo ndi zina, ndipo ndi bwino kuzidziwa ndi maina ake, pakuti anthu ambiri amazisokoneza.

Thumba la INSS

Choyamba ndi Instituto Nacional de Segurança Social, chimene anthu amangoti INSS. Lamulo lake lidakhazikitsidwa mu 1989 ndipo ntchito idayamba mu 1990. Wantchito wa pakampani amadulidwa 3 pa 100 ya malipiro ake, bwana amaikapo 4, zonse pamodzi 7. Aphunzitsi, anamwino ndi antchito ena a Boma ali ndi dongosolo lawo lapadera. Kwa zaka zambiri thumba la INSS lidali la anthu olembedwa ntchito okha, koma kuyambira mu 2015 khomo lidatsegukiranso odzilemba okha ntchito, monga alimi, a malonda a pamsika, akalipentala, osoka zovala ndi oyendetsa njinga zamoto. Iwowa amalipira okha 7 yenseyo chifukwa alibe bwana.

Malinga ndi malamulo a mu 2017, bambo amalandira penshoni ya ukalamba, imene kuno amati reforma, akakwanitsa zaka 60, ndipo mayi akakwanitsa zaka 55, koma akhale atasonkha miyezi 240, ndiko kuti zaka 20. Amene wafika msinkhuwo atasonkha miyezi yosachepera 120 akhoza kulandira penshoni yochepetsedwa. Apa ndi pamene pagona nkhani. Bambo wofuna penshoni yathunthu pa zaka 60 ayenera kuyamba asanapitirire zaka 40, ndipo mayi wofuna yake pa zaka 55 ayambe asanapitirire 35. Pa msinkhu umenewo munthu amakhala ali ndi mphamvu zonse, ana ali pasukulu, nyumba isanafoleredwe, ndipo kumuuza za mphasa kumakhala ngati kumulodza. Koma INSS imawerenga miyezi imene yalipidwa, siiwerenga zifukwa.

Ndalama yake ndi yotheka kuiwerengera pansi ndi chala. Wodzilemba yekha amanena yekha zimene amapeza pamwezi, koma zisachepere malipiro otsikitsitsa a ntchito ya mtundu wake. Mu 2024 malipiro otsikitsitsa a ntchito za ulimi adali mametikali 6,338 pamwezi. Kuchotsapo 7 pa 100 ndi mametikali pafupifupi 444 pamwezi, kapena 5,300 ndi kanthu pachaka. Chiwerengerochi chimakwera pamene Boma lakweza malipiro, choncho chiyenera kufunsidwa chaka ndi chaka. Kwa banja lodalira ganyu ndalama imeneyi ndi phiri. Kwa mlimi amene amatulutsa mabelo angapo a fodya kapena matumba makumi a kachewere, ndi ndalama imene imatha kuthera pa msika wa Biriwiri tsiku limodzi munthu osakumbuka chimene wagula. Malamulo omwewo a mu 2017 adalola wodzilemba yekha kulipiriratu mpaka miyezi 12 nthawi imodzi, ndipo ichi chidakhala ngati adapangira alimi. Munthu akhoza kulipira chaka chonse sabata imene wagulitsa, ndalama zisanamere miyendo. Kulipira kudzera pa foni, monga pa M-Pesa, kudachepetsanso ulendo wa ku banki.

Pali zinthu ziwiri zimene alimi a fodya amanamizika nazo. Choyamba, kukhala ndi kontalakiti ndi kampani yogula fodya, monga Mozambique Leaf Tobacco imene imagwira ntchito ku Macanga, sikutanthauza kuti mlimiyo ndi wantchito wa kampaniyo. Iye ndi wogulitsa, ndipo ngongole ya feteleza ndi mbewu imene amadulidwa pogulitsa si chopereka cha penshoni. Akafuna penshoni ayenera kukalembetsa yekha. Chachiwiri chikukhudza amene adagwirapo ntchito yolembedwa, kaya ku migodi ya malasha ku Moatize, pa ntchito ya misewu, m'mashedi kapena m'sitolo ku Tete. Miyezi imene adasonkha nthawi imeneyo siifa ntchito ikatha. Imakhalabe pa nambala yake, ndipo akhoza kupitiriza pamene adalekezera. Chofunika ndi kusunga khadi ndi kukafunsa ku ofesi ya INSS ngati ndalama zimene ankadulidwa zidafikadi, chifukwa zimachitika kuti bwana adula koma osatumiza, ndipo wantchito amadzazindikira imvi zili mbuu.

Kunena zoona, penshoni imeneyi si seguro yosamalira wodwala. INSS imathandiza pa matenda, pa uchembere, pa kulumala, pa ukalamba ndi pa imfa, ndipo amasiye a wosonkha amalandirako penshoni ndi thandizo la maliro, koma siitumiza munthu wodzasambitsa agogo. Komabe ndalama yobwera mwezi ndi mwezi mpaka imfa imasintha zambiri pakhomo. Imalipira waganyu wolima munda wa mwana amene watsala kunyumba, imagula sopo, shuga ndi bulangete, imalipira galimoto yopita ku chipatala chachikulu ku Ulongué. Ndipo pali chinthu china chimene anthu sakonda kunena mokweza: nkhalamba ya penshoni siisowa mdzukulu wogona naye m'nyumba.

Kulembetsa kumafuna chiphaso cha unzika, chimene ambiri amangoti BI, ndi nambala ya msonkho ya NUIT. M'maboma a m'malire muno zimenezi si zapafupi kwa aliyense. Pa nthawi ya nkhondo anthu oposa miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, ndipo ambiri a ku Tsangano, Angónia ndi Macanga adakakhala kwa abale awo ku Ntcheu ndi ku Dedza mpaka mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Ana amene adabadwira kumeneko ena sadalembedwe m'kaundula wa dziko lililonse. Anawo lero ndi amene afika pa msinkhu woyamba kusonkha. Mnyamata wobadwira ku Ntcheu mu 1988 adzakwanitsa zaka 40 mu 2028, ndipo mtsikana wobadwa mu 1990 adakwanitsa kale 35 mu 2025. Amene alibe chikalata cha kubadwa ulendo wake uyenera kuyambira ku ofesi ya kaundula pa boma, ndi mboni zomudziwa.

Ndalama za okalamba za INAS

Chachiwiri ndi thandizo limene m'midzi limadziwika kuti ndalama za okalamba. Limeneli si seguro, chifukwa wolandira sadasonkhepo kanthu, ndipo ndalama zake zimachokera ku chuma cha Boma ndi kwa mabungwe othandiza. Lidayamba mu 1990 ngati thandizo la chakudya kwa osauka a m'mizinda pansi pa ofesi ya GAPVU. Mu 1997 ntchitoyo idapatsidwa kwa Instituto Nacional de Acção Social, INAS, ndipo pang'onopang'ono idafika kumidzi. Kuyambira mu 2011 dzina lake ndi Programa Subsídio Social Básico. Limapita kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wotha kugwira ntchito, ndipo ambiri mwa olandira ndi okalamba. Maina amadutsa kwa munthu wa m'mudzi momwemo amene a INAS amamutcha permanente, pamodzi ndi atsogoleri a deralo.

Mu 2018 ndalamayo idaikidwa pa mametikali 540 pamwezi kwa munthu wokhala yekha, nkumakwera mpaka 1,000 kwa banja la anthu 5. Aliyense amene adagulapo sopo, mchere ndi mafuta akudziwa pamene 540 imathera. Ndi thandizo ndithu, ndipo kwa gogo wopanda kanthu tsiku lolandira ndi tsiku lalikulu, koma silingalipire munthu wosiya munda wake. Choipa china ndi kuchedwa. Mu 2023 ndi 2024 okalamba a m'madera ambiri a dziko lino adakhala miyezi yambirimbiri osalandira chifukwa Boma lidalibe ndalama, ndipo wogulitsa pa kantini amene ankakongoza gogo podalira tsiku la INAS adaleka kukongoza. Komanso si nkhalamba iliyonse yosauka imene ili m'kaundula, pakuti malo amakhala ochepa ndipo ena amadikira zaka.

Tsidya lina la malire kuli Mtukula Pakhomo, amene adayamba ku Mchinji mu 2006 nkufalikira maboma onse a Malawi. Ameneyu ndi wa anthu olembedwa m'midzi ya ku Malawi. Gogo wa ku Tsangano amene wapita kukasamalidwa ndi mwana wake ku Ntcheu akhoza kupezeka wagwa pakati, kuno adachoka ndipo uko sadalembedwe. Abale asanasamutse wodwala ndi bwino ayambe alankhula ndi permanente ndi a ofesi ya zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu pa boma, kuti adziwe ngati wachibale angathe kumulandirira.

Nyumba za Boma zosungira okalamba zilipo m'dziko muno, koma ndi zochepa, zili kumizinda, ndipo cholinga chake ndi anthu otayidwa opanda mbale aliyense. Palibe banja la ku Chidzolomondo limene lingawerengere zimenezo.

Thumba la makolo

Seguro yakale kwambiri m'maboma awiriwa ndi ana, ndipo akuluakulu adaimanga m'mau ochepa pamene adati kupatsa n'kuika. Amene adalera, kudyetsa ndi kukwatitsa ankadziwa kuti waika. Thumba limeneli likugwirabe ntchito kuposa ena onse, koma lili ndi zibowo zimene zakula.

Chibowo china ndi chakale ndipo chili m'mwambo momwemo. Pakati pa Achewa a ku Macanga, kumene mwamuna amakakhala kwa mkazi pa chikamwini, mayi wokalamba amakhala pakati pa ana ake aakazi, alongo ake ndi mbumba yake, ndipo akagwa pamphasa manja amapezeka. Bambo wokalamba zake ndi zina. Munda umene walima zaka 40 ndi wa kuchikazi. Mkazi wake akatsogola, mwambo umalola kuti amusudzule abwerere kwao, kumudzi kumene adachoka ali mnyamata, kumene amene ankamudziwa ambiri adamwalira ndipo ana a alongo ake ali ndi makolo awoawo owasamala. Ana abwino amakana nkumusunga bambo awo, koma amachita zimenezi mwa chifundo, pa nthaka ya eni. Kumene kuli chitengwa kapena malowolo, monga m'mabanja ena a Angoni a ku Tsangano, chingwe chimatembenuka, ndipo amene amatsala mlendo ndi mayi wamasiye, makamaka ngati sadabereke kapena ana ake adamwalira. Anthu awiri amenewa, mkamwini wokalamba ndi mtengwa wamasiye, ndi amene ayenera kuganizira za thumba lina msanga kuposa wina aliyense.

Zibowo zina ndi zatsopano. Nkhondo idabalalitsa mabanja ndipo ena sadabwerere. Matenda a Edzi adatenga anthu a msinkhu wapakati, amene akadakhala akusamala makolo lero, nkusiyira makolowo adzukulu. Achinyamata apita ku Tete, ku Moatize, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Ena amatumiza ndalama pa foni mokhulupirika, koma foni siitembenuza wodwala. M'mabanja ambiri muli mkangano umene sunenedwa poyera, pakati pa mwana wa kutauni amene amatumiza ndalama nadziona kuti wachita mbali yake, ndi mlongo wake wa kumudzi amene sagona usiku ndipo palibe amamuwerengera kanthu. Akadakhala pansi onse pamaso pa mwinimbumba nkugwirizana kuti gawo la ndalamazo ndi la wosamalayo mwini, osati la wodwala yekha, mabanja ambiri akadapewa chidani chimene chimadzaphulika pa tsiku la maliro.

Lamulo silidakhale chete. Malamulo aakulu a dziko a mu 2004, pa ndime 124, amati okalamba ayenera kutetezedwa mwapadera ndi banja, anthu onse ndi Boma. Lamulo la mabanja limakakamiza ana kuthandiza makolo osowa, ndipo lamulo nambala 3/2014 lidaikidwa kuti liteteze okalamba ku nkhanza ndi kutayidwa, komanso kuti azithandizidwa msanga pa mizere ya ku chipatala ndi m'maofesi. Nkhanza yoopsa kwambiri ndi ija yoloza gogo chala kuti ndi mfiti. Munthu wokalamba amene amadzuka usiku nkumayendayenda, kuvula zovala, kulankhula ndi anthu amene adamwalira kalekale kapena kupezeka pakhomo pa eni mbandakucha, nthawi zambiri ali ndi matenda a ubongo amene amadza ndi ukalamba. Madokotala amawadziwa ndipo amapezeka m'maiko onse, kwa azungu ndi kwa anthu akuda. Wotereyu akufunika womuyang'anira, ndipo mau a ufiti kawirikawiri amatuluka pamene osamala atopa kapena pamene wina waika diso pa dimba.

Nkhani ya dimba ndi munda ndi yofunika kuikhudza. Lamulo la nthaka la mu 1997 limati nthaka ndi ya Boma ndipo siigulitsidwa, koma ufulu woigwiritsa ntchito umasiyiridwa ana. Okalamba ambiri amagawa minda yonse akadali ndi mphamvu pokhulupirira lonjezo la pakamwa lakuti adzasamalidwa. Ochenjera amasungako dimba limodzi kapena mitengo ya zipatso m'dzina lao, ndipo amanena poyera pamaso pa a mfumu ndi a sekeretale a mudzi kuti amene adzawasamale mpaka mapeto ndiye adzatenge. Ena amaona ngati uku ndi kugula chikondi, koma mau onenedwa pabwalo amateteza onse awiri, gogo ndi mdzukulu amene wataya zaka zake.

Kusunga pawekha ndi kusunga pagulu

Amene amasunga ndalama m'chitini kuti zidzawathandize pa ukalamba ali ndi mdani wosaoneka. Metikali yakale idatha mphamvu mpaka mu Julayi 2006 Boma lidachotsa maziro atatu, 1,000 nkusanduka 1. Anthu a m'malire amene amakonda kusunga makwacha chifukwa amagula ku Lizulu ndi ku Dedza adaona kwacha ikugwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Madala amene adagwira ntchito moyo wao wonse m'mafamu ndi m'migodi ya ku Zimbabwe adaona ndalama zao za ukalamba zikusanduka mapepala mu 2008. Ng'ombe ndi mbuzi n'zabwinoko chifukwa zimaswana ndipo mtengo wake umakwera pamodzi ndi zinthu zina, koma zimafuna mbusa, zimadwala, zimabedwa, ndipo khola limodzi limakhala ndi eni ambiri pa tsiku la mlandu kapena la ukwati.

Magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, amene kuno amati a poupança ndipo ku Malawi amati banki m'khonde, ndi amene afika pafupi kwambiri ndi seguro yeniyeni, chifukwa ambiri ali ndi kathumba kapadera ka mavuto kamene membala aliyense amaponyamo pa msonkhano uliwonse. Kathumbako kamathandiza pa maliro ndi pa ulendo wa ku chipatala. Pa matenda a zaka sikangathe. Gulu la anthu 25 loponya mametikali 10 aliyense pa sabata limasonkhanitsa 1,000 pamwezi, ndipo agogo awiri okha ogona pamphasa akhoza kulimaliza thumbalo mwezi ndi mwezi popanda chotsalira maliro. Komanso magulu ambiri amagawana zonse pakutha pa chaka nkuyambanso, pamene ukalamba sudziwa kutha kwa chaka.

Chimene midzi ili nacho chambiri si ndalama koma manja. Mwambo wa dima, woitana anthu kudzalima munda wa mnzao tsiku limodzi pa thobwa kapena mowa, ukhoza kuchita zimene thumba la ndalama likulephera. Gulu likagwirizana kuti munda wa membala aliyense amene akusamala wodwala wa pamphasa udzalimidwa, kupaliridwa ndi kubandiridwa ndi gulu lonse, khasu limodzi mwa awiri aja limabwerera. Amayi a m'mipingo, a Chigwirizano ndi a m'miphakati, amayendera kale odwala ndi nkhuni ndi ufa. Chimene chimasowa ndi kugawana masiku, kuti wosamala adziwe kuti Lachitatu ndi Loweruka kubwera munthu ndipo iye apita kudimba kapena angogona tulo. Alangizi a zaumoyo a m'midzi, amene amadziwika kuti ma APE, ndi anamwino a pa chipatala chaching'ono akhoza kufunsidwa za katembenuzidwe ka wodwala ndi kasamalidwe ka zilonda, ndiponso kuyeza magazi a anthu a zaka 40 ndi 50, pakuti kufa ziwalo kwambiri kumayamba ndi kuthamanga kwa magazi kumene munthu wakhala nako zaka osadziwa, chikhalirecho mankhwala ake alipo.

Nyengo ya fodya imabweretsanso alendo a zikwama, ena oona ena onyenga, ogulitsa seguro ya mitundumitundu. Asanatulutse ndalama, mlimi afunse dzina la kampani ndi kumene kuli ofesi yake, aone chilolezo cha Boma, ndipo alandire chikalata cha mgwirizano, chimene pa Chipwitikizi amati apólice, kuti mphunzitsi kapena munthu wina wodziwa kuwerenga amumasulire modekha kunyumba. Afunse chimene chimachitika akalephera kulipira miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa ma seguro ambiri amafa pomwepo pamodzi ndi zonse zimene zidaperekedwa. Afunsenso ngati kampaniyo imalandira anthu a msinkhu wake ndi matenda amene ali nao kale. Funso lalikulu ndi lakuti ndalamayo imatuluka liti, munthu ali moyo kapena atamwalira. Seguro ya maliro imagula bokosi ndi kunyamula thupi, ndipo pa ntchito imeneyo ndi yothandiza. Pa zaka zimene agogo ali gone m'nyumba akufuna phala ndi wowatembenuza, siitulutsa ngakhale metikali imodzi.